Chikwama kumsana: ulendo wa mapiri, mawira ndi sitima ungayambire pa Fort Lister

Aliyense amene ali ndi foni yamakono anawaonapo mavidiyo aja. Mtsikana wa ku Germany kapena mnyamata wa ku Korea, chikwama chachikulu kumsana, lero ali m'sitima ya ku Japan, mawa waviika miyendo m'kasupe wa madzi otentha ku Noboribetsu, mkuja akujambula nyanja ya Toya yomwe inadzaza m'chidzenje chosiyidwa ndi phiri lophulika. Ife timaonera mpaka bandulo kutha, kenako n'kulemba pansi pake kuti "Ambuye mundikumbukire nanenso."

Mmodzi mwa inu, awerengi a tsamba lino, anandilembera funso lomwe ndikudziwa kuti ambiri muli nalo: kodi Mmalawi wolandira makwacha, amene akulipira lendi komanso kutumiza kenakake kumudzi, angayende ulendo wotere? Yankho langa ndi lakuti inde, bola asaukopere ndendende. Nyanja za m'mapiri ophulika, akasupe otentha ndi sitima ya pamtunda, zonsezi zilipo kuno kwathu ndi kwa anansi athu. Sizili pamodzi ngati ku Japan, ndipo sitima yathu sithamanga ngati yawo, koma zilipo. Ine ndauyenda ulendowu m'zigawo zitatu pa zaka ziwiri, ndipo ndikanati ndiuyambenso, ndikanayambirabe malo omwewo: pa Fort Lister, m'boma la Phalombe.

Mpata wa pakati pa mapiri awiri

Mukafika pa boma la Phalombe n'kukweza maso, mumaona mapiri awiri atayang'anizana: Mulanje ndi Michesi. Pakati pawo pali mpata, ndipo msewu wafumbi wodutsa mumpatamo umakatulukira cha ku Nkhulambe, kufupi ndi malire a Mozambique. Wakabaza wa njinga yamoto aliyense pa Phalombe akudziwa kumene mukunena mukati Fort Lister.

Mpatawu ndi umene unapatsa malowa mbiri yake. M'zaka za m'ma 1800, inali imodzi mwa njira zomwe anthu ogwidwa ukapolo ankadutsitsidwa pa ulendo wopita kunyanja yamchere, ku Quelimane. Mafumu ena a dera la Mulanje, monga Matipwiri, Mtiramanja ndi Mkanda, ankatchuka pa malonda amenewa. Mu 1893, boma la atsamunda lotsogozedwa ndi Harry Johnston linamanga linga pampatapo kuti litseke njirayo, ndipo analitcha dzina la Villiers Lister, mkulu wina wa ku ofesi yoona za maiko akunja ku London. Ena mwa asilikali amene Johnston ankadalira pa nkhondo za nthawi imeneyo anali Asikh ochokera ku India. Mbali ina ya phiri la Mulanje anamangako linga lina, Fort Anderson. Patangotha zaka pafupifupi khumi, Fort Lister inasiyidwa.

Lero mukafikapo mupeza zipupa zogumuka, tchire ndi manda. Amodzi mwa mandawo ndi a Gilbert Stevenson, mbale wake wa Robert Louis Stevenson, mlembi wa buku la Treasure Island lomwe ena munawerenga kusekondale. Manda a mzungu ali ndi dzina. Anthu amene anadutsa pampatawu atamangidwa magoli m'khosi alibe ngakhale mwala umodzi wolembedwa. Chimenechi n'chomwe chinandikhalitsa chete titafika, ine ndi anzanga awiri amene tinaphunzira limodzi kukoleji.

Tisanamizanenso kuti atsamunda anabwera ndi chifundo chokhachokha. Boma lomwelo limene linatseka njira ya akapolo ndi limene linabweretsa msonkho wa nyumba, ndipo posakhalitsa thangata inazika mizu m'maesiteti a m'chigawo chino. Ambiri mwa Alhomwe amene anasamukira kuno kuchokera ku Mozambique anakathera m'minda ya azungu imeneyo. Ngati agogo anu ndi a ku Phalombe, ku Mulanje, ku Thyolo kapena ku Chiradzulu, mbiri ya mpata uwu ndi yanunso, mbali zonse ziwiri.

Achimwene amene ankatiperekeza anakulira m'mudzi wapafupi. Nditawafunsa kuti amalandira alendo otani, anaseka n'kunena kuti, "Achemwali, ambiri ndi azungu, mwina ndi ana asukulu pa kanthawi. Anzathu akuno amangofunsa kuti kumeneko kuli chiyani." Pamenepa ndi pamene pagona nkhani. Fort Lister ili m'gulu la malo a njira za ukapolo omwe dziko lino linapereka ku UNESCO mu 2011 kuti adzaganiziridwe kukhala chuma cha dziko lonse. Phiri la Mulanje lenilenilo linalowa kale m'kaundula ameneyu mu July 2025. Koma kaundula wa ku Paris salambula tchire. Malo amene eni ake sapitako amafa pang'onopang'ono, ndipo mnyamata amene sapeza alendo oti awaperekeze amakasaka ndalama kwina. Tonse tikudziwa zomwe zinachitikira mkungudza, mtengo wa fuko lathu, womwe wadulidwa mpaka kutsala pang'ono kutheratu paphiripo.

Kuchokera pa Fort Lister pali njira yokwera kukafika ku kanyumba kogona alendo ka Sombani, ulendo wa maola atatu kapena kuposerapo malinga ndi miyendo yanu. Anthu ambiri amakwera Mulanje kudzera ku Likhubula, choncho mbali ino n'kwabata. Ku Sombani mumaona nsonga ya Namasile pafupi, ndipo amene ali ndi masiku angapo amapitirira ku Chinzama ndi ku Thuchila, ena mpaka ku Sapitwa, pamamita 3,002. Ife tinagona usiku umodzi basi. Tinaphika nsima pamoto wa nkhuni, ndiwo zake usipa ndi soya, tikunjenjemera ndi chisanu cha mu July.

Phalombe ndi dziko la moto wakale

Mwina mukuti, chabwino, nanga mapiri ophulika aja ali kuti? Mwawaponda kale osadziwa. Mulanje ndi thanthwe lomwe linali chiphalaphala chamoto pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo. Silinaphulikire kunja, linazizira lili pansi pomwepo n'kuuma gwa. Mvula ndi mitsinje zinakokolola miyala yofewa yomwe inalikuta, ndipo cholimbacho chinatsala chitaima chokha pakati pa chigwa. N'chifukwa chake phirili limangodzuka mwadzidzidzi pakati pa minda ya chimanga ndi nandolo.

M'chigwa cha Phalombe momwemo muli timapiri tina tooneka wamba, monga Tundulu ndi Songwe. Timeneti ndi mizu ya mapiri amoto akalekale, ndipo tili ndi mwala wosowa womwe akatswiri amautcha carbonatite. Chilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa ndi chamtundu womwewo. Mwala umenewu ndi umene umasunga fosifeti wopangira feteleza komanso miyala ija amati rare earths, yomwe imagwira ntchito m'maginito a mafoni, a magalimoto amagetsi ndi a makina opukusa magetsi ndi mphepo. Mukamamva pa wailesi za kampani ya Mkango Resources ndi mgodi wa pa Songwe Hill, nkhani yake ndi ya moto womwewu. Achinyamata a ku Phalombe ayenera kuidziwa bwino, chifukwa zokambirana za malo, ntchito ndi chipukuta misozi zidzafuna anthu odziwa chomwe chili pansi pa minda ya makolo awo.

Nyanja ya Chilwa ndi sitima ya ku Nayuchi

Chigawo chachiwiri cha ulendo wanga chinali cha kunyanja ya Chilwa. Madzi otsika m'mapiri a Mulanje, Michesi ndi Zomba amathera m'nyanjayi kudzera m'mitsinje monga Phalombe, Sombani, Likangala ndi Domasi, koma palibe mtsinje wotulukamo. Madzi amachoka ndi dzuwa lokha, mchere n'kutsalira, ndiye chifukwa chake amamveka kamchere pakamwa. Ndi yosaya, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa, monga zinachitikira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Ikadzaza, matemba ndi milamba zimabwerera, mbalame za m'madzi n'kudzaza m'mabango. Inakhala dambo loyamba m'dziko muno kulowa m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse.

Mbali ya Phalombe kuli doko la Swang'oma, mbali ya Zomba kuli Kachulu, komwe mumakwera boti lopita ku Chisi. Ndikupempheni chimodzi: musasambe m'madzi odikha a m'mabango, likodzo silinena kuti ndabwera. Komanso boti likadzaza kale ndi matumba a nsomba, njinga ndi anthu, dikirani linzake. Kuchedwa kuli bwino kusiyana ndi kusafika.

Tsopano sitima. Ambiri a msinkhu wanga sanaikwerepo, ena sadziwa n'komwe kuti ya anthu ilipo. Njanji yoyamba m'dziko muno inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatilumikiza ku Beira, ndipo chaka chomwecho njanji inafika ku Salima. Ya ku Nayuchi, yopatukira pa Nkaya kulowera ku Nacala, inatsegulidwa mu 1970. Kuyambira mu 1999 njanjizi zakhala m'manja mwa kampani ya Central East African Railways, ndipo ntchito yaikulu masiku ano ndi ya katundu, makamaka malasha ochokera ku Moatize. Sitima ya anthu imayenda masiku ochepa pa sabata pakati pa Limbe, Balaka ndi Nayuchi, choncho pitani pa siteshoni mukafunse tsiku ndi nthawi musanalongedze chikwama. Safunsa anadya phula.

Ine ndinakwerera pa Liwonde. M'sitima imeneyi mulibe alendo ojambula, muli amayi opita kukapikula mpunga ndi nsomba, abambo onyamula matumba a feteleza, ana asukulu, nkhuku m'madengu. Pa siteshoni iliyonse msika umabwera pazenera: chinangwa chophika, nthochi, mazira, thobwa, mizimbe. Mayi wina amene ndinakhala naye mpando umodzi anandigawira mbatata n'kundifunsa kuti ndikukaona ndani ku Nayuchi. Nditati palibe, ndikungofuna kuona njira, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti, "Mwanangu, ndalama zikukuyabwa eti?" Tinaseka tonse, koma pofika kumapeto anali atandionetsa pamene njanji imadutsa pamchenga wolekanitsa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta. Tsidya linalo la malire Apwitikizi anapatcha Entre Lagos, kutanthauza pakati pa nyanja. Amene ali ndi pasipoti akhoza kupitirira ku Cuamba, m'chigawo cha Niassa, n'kukakwera sitima ya ku Nampula, yomwe imadutsa pakati pa mapiri amiyala osongoka ochititsa kaso. Kuchokera ku Nampula, chilumba cha Ilha de Moçambique chili pa ulendo wa maola ochepa pagalimoto.

Madzi owira okha

Dziko lathu lili m'chigwa chachikulu chomwe chinapangika chifukwa nthaka ya kum'mawa kwa Africa ikung'ambika pang'onopang'ono. Nyanja ya Malawi, yomwe kumpoto imazama mamita pafupifupi 700, yakhala mumng'alu umenewu. Zivomerezi za ku Salima mu 1989 ndi za ku Karonga mu December 2009 zinachokera m'ming'alu yomweyi. Akasupe otentha nawonso ndi ana a ming'aluyi. Madzi a mvula amalowa pansi kwambiri kutsata mng'alu, n'kukafika pamene miyala ndi yotentha, popeza pansi pamatenthera madigiri pafupifupi 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse yomwe mwatsika. Akatentha amapepuka, ndipo akapeza mng'alu wina amakwera msanga asanazizire. Kafungo ka dzira lovunda kamene mumamva pa akasupe ena ndi ka salifa wosungunuka m'miyala.

Akasupe otere alipo ambiri: ku Liwonde m'mbali mwa Shire, ku Nkhotakota, ku Nkhata Bay, ku Chiweta m'boma la Rumphi, mpaka ku Karonga ndi ku Chitipa. A ku Nkhotakota ndi osavuta kufikako, ali pafupi ndi tauni, ndipo dzina la malowo likunena lokha: Mawira. Musayembekezere matailosi ndi mataulo oyera ngati a m'mavidiyo aja. Mupeza amayi akuchapa, ana akusamba, abambo mbali yawo. Kwa eni ake si malo okopa alendo, ndi bafa ndi dambwe lochapira zomwe Namalenga anawapatsa ulere. Choncho perekani moni, funsani mbali yoyenera inu, valani chitenje, ndipo foni ikhale m'thumba pamene anthu akusamba. Kujambula mayi ali pachitsime popanda kumupempha n'kumuika pa TikTok ndi chipongwe, ngakhale mutalembapo mawu okoma bwanji.

Ku Nkhotakota komweko mukaone mtengo wa mkuyu womwe umakumbutsa kukumana kwa David Livingstone ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860. Kuchokera padoko limeneli akapolo ankawolotsedwa nyanja pa ulendo wa ku Kilwa. Mukakhala kuti mwayambira pa Fort Lister, apa ndi pamene mumazindikira kuti njira zija zinali ukonde umodzi wokuta dziko lonse lino.

Ku Chiweta, pamene msewu wa M1 umatsika phiri n'kukumana ndi nyanja, madzi ake ndi otentha zedi, opitirira madigiri 70 pamene akutulukira. Nthunzi imaoneka m'mawa muli pamsewu. Pamenepo si poviika phazi, ndipo mwana musamutaye m'manja. Akatswiri akhala akuwafufuza akasupe amenewa kuti aone ngati nthunzi yake ingapukuse magetsi, monga amachitira ku Olkaria m'dziko la Kenya. M'dziko limene magetsi amadalira kwambiri mtsinje umodzi wa Shire, nkhani imeneyi si yoseweretsa.

Nyanja ya pamwamba pa phiri

Nyanja yeniyeni ya m'kamwa mwa phiri lophulika ili tsidya la Songwe, m'dziko la Tanzania, koma kwa munthu wa ku Karonga ndi pafupi kuposa ku Lilongwe. Musanawoloke, imani ku nyumba yosungira zakale ya ku Karonga mukaone mafupa a Malawisaurus. Mukadinda pasipoti pa Songwe, mabasi ang'onoang'ono amakwera nanu m'minda ya nthochi ndi tiyi mpaka ku Tukuyu. Dera limeneli ndi la mapiri amoto a Rungwe, Kyejo ndi Ngozi. Kyejo anaphulika komaliza cha m'ma 1800, choncho moto wa kuno si wakale ngati wa ku Phalombe. Nthaka yake ndi yachonde chifukwa cha phulusa lomwelo.

Nyanja ya Ngozi ili pakati pa Tukuyu ndi Mbeya. Mumayenda wapansi m'nkhalango ya nsungwi ndi nthochi zam'tchire, kukwera mpaka thukuta kuti kamukamu, kenako mitengo imangotseguka, pansi panu patali n'kuoneka madzi obiriwira atazunguliridwa ndi makoma a phiri. Phiri litaphulika, pamwamba pake panatitimira n'kusiya chidzenje, ndipo mvula ndi akasupe zinadzazamo. Ine ndinangokhala pansi, mawu osatuluka. Kum'mwera kwa Tukuyu kuli ina yaing'ono yozungulira ngati mbale, ya Masoko. Anthu a kumeneko ndi Anyakyusa, abale a Angonde a ku Karonga, ndiye ngati mumalankhula Kyangonde mukamvana nawo bwinobwino. Enafe timadalira Chiswahili cha moni ndi chofunsira mtengo.

Ku Mbeya ndi kumene mumakumana ndi TAZARA, njanji ya makilomita 1,860 yochokera ku Dar es Salaam kukafika ku Kapiri Mposhi m'dziko la Zambia. Inamangidwa ndi thandizo la China m'zaka za m'ma 1970, pamene Kenneth Kaunda ndi Julius Nyerere ankafuna njira yotulutsira kopa wa Zambia osadzera ku Rhodesia. Kulowera ku Dar es Salaam mumagona m'sitima, ndipo njanji imadutsa m'nkhalango yosungira nyama ya Nyerere, komwe mwamwayi mumaona nyamalikiti ndi mbidzi pazenera. Ku Dar es Salaam kuli sitima yamagetsi yopita ku Morogoro ndi ku Dodoma yomwe inayamba kunyamula anthu mu 2024. Ngati mumafuna sitima yofanana ndi ya m'mavidiyo aja, ndi imeneyo, ndipo simufunika ndege kuti mukaikwere. Amalawi safunika viza polowa m'Tanzania, m'Zambia kapena m'Mozambique pa ulendo waufupi, pasipoti ndi yokwana.

Nanga ndalama?

Sindilemba mitengo pano, chifukwa chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa lero sukhala wa mwezi wamawa. Koma njira zochepetsera zilipo.

Choyamba, dulani ulendowu m'zigawo. Fort Lister ndi Sombani ndi za Loweruka ndi Lamulungu. Chilwa, Liwonde ndi Nayuchi zimafuna masiku atatu kapena anayi. Kumpoto ndi ku Tanzania ndi kwa holide yapachaka. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chachiwiri, yendani atatu kapena anayi. Woperekeza mumamulipira limodzi, chipinda cha kuresitihausi mumagawana, mphika ndi umodzi. Ife tinachita chipereganyu miyezi inayi, ndalama n'kumasunga pa nambala ya foni ya mmodzi amene tonse timamudziwa kuti ndi woumira.

Chachitatu, nyamulani chakudya chanu: ufa, usipa, soya, mtedza, shuga, masamba a tiyi. Chikwama ndi nsapato zolimba zikupezeka pakaunjika ku Limbe kapena ku Lilongwe. Onjezani juzi yotentha, tochi, pepala lapulasitiki lotchingira mvula, power bank, neti ya udzudzu ndi mankhwala oyeretsera madzi. Mukhalenso ndi ndalama zapamanja, poti paphiri ndi m'midzi ina netiweki imasowa.

Chachinayi, pali pamalo pamodzi pomwe simuyenera kunenerera mpaka munthu kumumvetsa chisoni: pa malipiro a woperekeza ndi wonyamula katundu. Munthu amene wakusenzerani chikwama maola atatu pachitunda ali ndi ana kunyumba. Ngati ife eni dziko tikhala oyamba kuwadyera masuku pamutu, tisadabwe akamasangalalira azungu okha.

Kunyumba mukanena bwanji?

Nditawauza amayi kuti ndikukagona paphiri la Mulanje, anasiya kusankha mpunga n'kundifunsa kuti, "Iwe, ukukatani kuphiri? Anthu amasowa kumene kuja." Musawaseke makolo akatero. Phirili ndi lopatulika kwa Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe okhala mozungulira, ndipo chikhalidwe chimenechi ndi chimene chinalilowetsa m'kaundula wa UNESCO. Tonse tinamvapo zoti ukapeza chakudya chokonzakonza kuphiri, udye wekha osaitana mnzako. Kaya mumakhulupirira kaya ayi, zoti anthu amasowa ndi zoona. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anapitirira yekha kulowera ku Sapitwa atasiya womuperekeza, ndipo thupi lake linapezeka patatha masabata oposa awiri. Chifunga cha chiperoni chimatha kuphimba njira m'mphindi zochepa.

Ndiye yankho kwa makolo lisakhale mkangano, likhale dongosolo. Auzeni amene mukupita nawo, tsiku lonyamuka ndi lobwerera, komwe mukagone, ndi nambala ya wokuperekezani. Lembetsani ku ofesi ya zankhalango musanakwere. Kwa atsikana anzanga: yendani pagulu, fikani pamalo ogona dzuwa lisanalowe, ndipo wakabaza amene simukumudziwa musakwere naye usiku. Amayi anga atamva zonsezi anandikazingira mtedza wapaulendo, ngakhale sanasiye kung'ung'udza.

Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka October. M'dzinja musayerekeze. Anthu a ku Phalombe akukumbukira Napolo wa mu March 1991, pamene miyala ndi matope zinatsika m'Michesi n'kupha anthu mazanamazana, ndipo mu March 2023 namondwe wa Freddy anabwerezanso zomwezo m'madera monga Nkhulambe. Zipsera zake zikuonekabe m'mbali mwa mapiri onse awiri. Mukamadutsa m'midzi imeneyi dziwani kuti mukuyenda pakati pa anthu amene anataya abale, nyumba ndi minda. Gulani nthochi zawo, dyani m'tiyirumu yawo, ndipo musafunse mafunso otokosa mabala pongofuna vidiyo.

Chilimwe chino, sankhani Loweruka limodzi. Itanani anzanu awiri, mutengenso mng'ono wanu amene ali ku sekondale, amene mbiri ya ukapolo akungoiloweza pokonzekera mayeso. Musananyamuke, khalani pansi ndi agogo muwafunse njira imene makolo awo anadzera pobwera kuno, mwina mudzamva dzina la phiri kapena mtsinje womwe mukauone ndi maso anu. Mukabwerako mundilembere zomwe mwapeza, makamaka za akasupe otentha a kwanu omwe sindinawatchule pano. Ndikufuna tidzawalembe onse, boma ndi boma, pa tsamba lomwe lino.